Zikhomo Zofiira pa Tsala la a Nangozo

Ndikawakumbukira agogo anga aamuna, a Zhuwawo Mbewe, mphuno ndi imene imayamba kugwira ntchito: fungo la utsi wa zitsononkho umene unalowerera m'kazako wawo, jekete lija lachisanu, mpaka sopo anagonja, ndi fungo la fodya wosera amene ankamusunga m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa. Makutu amatsatira pambuyo. Kutsogolo kwa nyumba yathu, m'mudzi wina wa kufupi ndi Ntengo-Wambalame, kunali chulu chachikulu, ndipo pa mtengo wa pichesi wa pambali pake pankalendewera chitsulo cha gudumu la galimoto imene inapsa nthawi ya nkhondo. M'mamawa, nkhungu isanachoke m'minda ya kachewere, amayi akuuzira moto m'khitchini, ine ndikusesa pabwalo manja ali gwa ndi chisanu, agogo ankatsokomola kukonza kukhosi, n'kumenya chitsulo chija ndi khasu lakutha, ngwee! ngwee! Akatero ankakwera pachulu. Agalu ndi amene ankayamba kuwayankha.

Sanali mfumu, sanalinso nduna ya mfumu, ndipo palibe amene ankawalipira. Ntchitoyi inawagwera chifukwa cha mawu basi. Munthuyo anali wamfupi, wowonda ngati mpini, koma akati "Tamverani!" ndi a kutsidya kwa dambo omwe ankaimitsa minsi. Nkhani za boma masiku amenewo zinkayenda chonchi: a shefi, mkulu wa ku posito, ofesi ya boma ya dera lathu, ankaitanitsa msonkhano n'kuyankhula m'Chipwitikizi, a Berinado, sekretariyo kapena kuti mlembi wa mudzi wathu, ankabwera nazo pa njinga n'kuzitula pakhonde pathu, ndipo agogo ankagona nazo kuti m'mawa azinene m'chinenero chimene ndi nkhalamba yomwe ingamve.

"Tamverani, eni mudzi! Boma lati Lachinayi kuli katemera wa ana ku shikola. Amayi amene abise mwana kuseri kwa nkhokwe, ine ndidzawatchula dzina pano pachulu!"

Kapena: "Boma lati amene ali ndi njinga akadule msonkho. Ine ndangotumidwa, musandiyang'ane ndi diso limenelo, yanga yomwe ilibe chiphaso!"

Anthu ankaseka, ankadandaula, koma ankapita. M'mudzi mwathu munali mawu akuti zimene zanenedwa pachulu sizifuna mboni. Agogo ankanyadira zimenezo kuposa mbuzi zawo, ndipo tinene zoona, mbuzizo ankazikonda kuposa ena a ife.

Ife tinabwerako ku Malawi ine ndili kumsana, ndiye za kothawa nkhondo ndimangozimvera kwa akuluakulu. Chimene ndinaona ndi maso anga ndi mudzi ukukula. Kunabwera chigayo, kunabwera malata, makamiyawu, kapena kuti malole, ogula kachewere anayamba kufika mpaka pamphambano, shikola, sukulu yathu ya udzu ija, inasanduka ya njerwa, ndipo anthu ochokera kwina anayamba kupempha malo omanga. Chimene chinakana kukula ndi madzi. Mudzi wonsewo tinkamwera pa chitsime chimodzi cha kudambo, kumunsi kwa chitunda choterera, pomwenso ng'ombe zinkamwera. Nyengo ya dzuwa tinkachita kupala ndi chikho, kudikira kuti madzi atuluke pang'onopang'ono, amayi akulalatirana za amene anayamba kufika. Mng'ono wanga Rozina ankatsegula m'mimba chaka ndi chaka mpaka maso kulowa. Khosi langali mpaka lero limadziwa kulemera kwa ndowa pa chitunda chimene chija.

Ndiye mutha kuona mmene zinakhalira m'mawa umene agogo anakwera pachulu n'kukuwa kuti:

"Tamverani! Boma lati mjigo ukubwera! Kamiyawu yobowola ili kwa anzathu a kuseri kwa phiri. Ikamaliza kumeneko ibwera kuno, koma siyenda m'tchire. Tilambule njira, titute mchenga ndi miyala. Ikatipeza tili manja lende ipitirira kwa ena, ndipo mvula ikagwa, chaka chino tiiwale. Malo ake abwera kudzatiloza!"

Nthungululu zake! A Nangozo, mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana ndi yathu, amene moyo wawo wonse ankakangana ndi agogo pa nkhani ya mbuzi zodya nyemba, anavina ali ndi mphika m'manja.

Sabata yomweyo kunagwa maliro m'mudzi wa kutsidya kwa dambo, ndipo mudzi wathu wonse unakhamukira kumeneko, kusiya nkhuku zokha. A Berinado kunalibe, anali ataperekeza kachewere wawo ku Tsangano. Tsiku lotsatira, dzuwa litakwera, ine ndi atsikana anzanga tinatenga ndowa, ndipo pofuna kudula njira tinadzera m'mbali mwa tsala la a Nangozo, munda umene sunalimidwepo chibwerere cha anthu ku Malawi. Amene anali patsogolo anaima njii, ife tonse n'kumugunda kumsana. M'udzu munali zikhomo zatsopano, zosongoka bwino, mitu yake yopakidwa utoto wofiira psuu. Zinandanda kuchokera kumsewu, kudutsa pakati pa tsala, mpaka pansi pa mtengo wa msuku.

Munthu wa kwina angafunse kuti nanga zikhomo zili ndi chiyani. Kwa ife mtundu wofiira pa chikhomo unali ndi tanthauzo limodzi lokha: mina, mabomba aja ankakwiriridwa pansi nthawi ya nkhondo. Chaka chimene tinabwerera, amalume anga a Domingo, chitsirizira cha agogo, anapita kukamweta udzu wofolerera nyumba yathu yatsopano. Anthu anamva kuphulika ali m'minda. Agogo ndi amene anakawatola, ndipo za zimene anaona kumeneko sanauzepo munthu. Pambuyo pake kunabwera anthu ochotsa mina, n'kukhoma zikhomo zofiira paliponse pamene panali poopsa. Ana tonse tinakula ndi lamulo limodzi, la kunyumba ndi ku shikola komwe: ukaona chofiira, ima, usathamange, bwerera m'mapazi ako omwe. Ndipo tinabwerera chafutambuyo, kuponda mmene tinaponda.

Ndinawapeza agogo akumangirira mbuzi. Nditangoti "zikhomo zofiira," chingwe chinawapulumuka m'manja.

"Waziona ndi maso ako, Terezinya?"

"Eya, agogo. Zambirimbiri, mpaka pa msuku."

Sanafunsenso china. Anathamangira pa chitsulo chija, munthu woti sindinamuonepo akuthamanga, n'kuchimenya dzuwa lili pamutu, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Mawu awo tsiku limenelo sanali a masiku onse, munalibe nthabwala ngakhale imodzi.

"Tamverani! Pa tsala la a Nangozo apezapo mina! Munthu asapondepo! Mangani mbuzi, gwirani ana! Chofiira sichifunsidwa!"

Mudzi unamva, ndipo unamvera. Amuna anadula minga n'kutseka njira yodutsa kumeneko. Ana tinaletsedwa ngakhale kuyang'anako. Za mjigo tinkangodikira oloza malo aja, osaona munthu, uku mitambo ikuyamba kusonkhana kumapiri madzulo alionse.

A Berinado atabwera ku Tsangano n'kupeza minga panjira, anagwira kumutu. Anafika pakhonde pathu njinga isanaime bwinobwino.

"Madala, mwachita chiyani? Zikhomo zija ndi za mjigo! Mnyamata wa kampani yobowola anabwera kudzayeza tsiku la maliro, ndinakumana naye pamsewu. Mzere uja ndi njira ya kamiyawu, pa msuku paja ndi pobowola. Puronto, basi, kamiyawu yatsala pang'ono kumaliza uko, ife ngakhale chitsamba chimodzi sitinadule!"

Agogo anafunsa kuti, "Iwe unaona akukhoma?"

"Ayi, koma anandiuza."

"Ine mwana wanga ndinamutola ndi manja awa. Sindinachite kuuzidwa."

A Berinado anayenda khomo ndi khomo kufotokoza, koma ndani akanawamvera? Anthu ankati a Berinado anali kamwana nthawi ya nkhondo, akudziwa chiyani. Ena ankati mwina zonse ndi zoona, woyeza malo anabweradi, koma zikhomozo anakhoma ena. Mawu a sekretariyo anakumana ndi mawu a pachulu, ndipo a pachulu analemera.

Chimene ndimawalemekezera agogo n'chakuti nkhaniyo sinawagonetse. M'mawa mwake sanamenye chitsulo. Anavala kazako wawo, n'kuyenda wapansi kupita ku posito kukafunsa okha. Anabwerako madzulo fumbi lili mpaka m'mawondo, nkhope itagwa. Kumeneko anawauza kuti dera lonselo ochotsa mina analiyendera kalekale n'kulimasula, ndipo zikhomozo zinalidi za mjigo. Anakhala pampando wawo, n'kufwenkha fodya, n'kunena chapansipansi ngati akuuza mbuzi: "Safunsa anadya phula. Lero ndadya ine, mkulu ndi imvi zanga."

Kutacha anakwera pachulu.

"Tamverani! Ine Zhuwawo Mbewe ndinakunamizani. Pa tsala paja palibe mina. Zikhomo zija ndi za mjigo wathu. Tengani makasu ndi zikwanje, nthawi yatithera!"

Mudzi unangoti zii. Palibe chitseko chimene chinatseguka. Patapita nthawi a Nangozo anatulukira pampanda, chitenje chili m'khosi.

"A Mbewe, ku posito akuopsezani eti? Dzana mina, lero mjigo. Boma likufuna kamiyawu yake idutse, ndiye miyendo yoyesera ikhale ya ana athu? Ine tsala ndi langa, koma sindipondapo."

Amenewo ndiwo anali maganizo a mudzi wonse, kungoti a Nangozo ndi amene analibe chotsekera pakamwa. Agogo anatsika pachulu mwakachetechete. Madzi akatayika saoleka, ndipo iwo anadziwa kuti mawu amene anawataya dzuwa lili pamutu aja sangawolerenso ndi mawu ena.

Analowa m'nyumba, n'kutuluka atanyamula chikwanje. Amayi anga, mlongo wake wa malemu Domingo, anazindikira msanga. Anasiya lichero n'kuima pakhomo la mpanda.

"Bambo, mukupita kuti?"

"Kukalambula njira."

"Ayi! Akapondepo a kampaniwo, si ndiwo anakhoma? Tinaika Domingo, tiikenso inu? Madzi a kudambo takhala tikumwa, tizimwabe."

"Tizimwabe, Rozina azidwalabe? Kamiyawu ikafika n'kupeza minga, siima kuti itinyengerere. Minga ija ndinaika ndine, ndi pakamwa panga. Ndichotsa ndine."

"Nanga ngati ku posito alakwitsa?"

Agogo anayankha kuti, "Mutuwu wamva zimene anena, mwana wanga. Miyendoyi ndi imene sinamve. Ndikukaiphunzitsa."

Tinawatsatira, ine, amayi, ndi Rozina ali kumsana. Anthu ataona tikulowera kumeneko anayamba kutuluka, ndipo pofika pa minga paja tinali khamu, koma onse anaima patali, amayi atagwira ana awo pamkono. Agogo anakoka minga n'kuiponya pambali. Kenaka anachita chinthu chimene sindidzaiwala: anavula nsapato zawo za matayala, n'kuziika bwinobwino pamwala, n'kuuza a Berinado kuti, "Zikadali zolimba izi. Zikatsala, upatse munthu." Palibe amene anaseka.

Anaponda. Udzu wouma unalira tswa pansi pa phazi lawo, ndipo amayi anandifinya dzanja mpaka zikhadabo kulowa. Munthu amene mawu ake ankawoloka dambo uja ankayenda ngati mwana wophunzira kuyenda, phazi kulikweza, kuliimika m'malere, kenaka kulitsitsa. Kazako anali atanyowa kumsana ngakhale kunali kozizira. Milomo yawo inkagwedera, ena amati ankapemphera, koma ine ndinali pafupi ndipo ndikudziwa kuti ankatchula dzina la mwana wawo. Sanayende m'mbali, anadutsa pakati penipeni pa zikhomozo, ndipo chikhomo chilichonse ankachigwira pamutu podutsa. Kunali duu, moti tinkamva njiwa kudambo ndi chigayo cha kumsewu. Ine ndinali ndi mantha amene sindinakhale nawonso chiyambire, ndipo ndinkadana ndi madzi, ndi boma, ndi maso anga amene anaona zikhomozo.

Atafika pa msuku anatembenuka, n'kutsegula pakamwa kuti aitane anthu. Mawu sanatuluke. Anangokhala pansi thapsa, chikwanje chili pamiyendo, n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Agogo anga ankalira, pamaso pa mudzi wonse.

Woyamba kusuntha anali a Nangozo. Anakoka khasu m'manja mwa mnyamata wina, n'kumanga chitenje m'chiuno, n'kulowa m'tsala muja mwamphamvu ngati akupita kukatulutsa mbuzi m'nyemba zawo.

"A Mbewe! Mwakhala pamenepo ngati nkhuku yofungatira, njirayi alambule ndani? Dzukani, m'munda mwangamu simogona!"

Koma atafika pa msuku sanawakalipirenso. Anawagwira paphewa, n'kuima choncho kanthawi. Amayi anandisiya dzanja n'kulowa nawonso, Rozina ali kumsana. Kenaka a Berinado atanyamula nsapato zija, kenaka wina, kenaka mudzi wonse. Dzuwa lisanapendeke zikwanje zinali kulira tsala lonse, ife ana tikututa miyala m'madengu, amayi akutsika ndi kukwera chitunda ndi mchenga wa kumtsinje.

Kamiyawu inafika mitambo italemera kale, mchenga wina tikuthirabe pamulu. Mnyamata woyeza malo uja anabwera nayo, mwana waulemu wokulira mumzinda wa Tete. Atamva zimene zinachitika anagwira pakamwa. Anati utoto wofiira ndi umene amagwiritsa ntchito kulikonse chifukwa umaoneka patali, ndipo sankadziwa. Anapepesa kwa agogo ndi manja awiri. Agogo anati, "Palibe mlandu, mwana wanga. Iwe sunafunse ife, ine sindinafunse iwe. Koma kumidzi ya kuno, uzipaka laimu." Madzi atatumphuka m'chitsulo chobowolera, amatope, kenaka oyera, a Nangozo anaima pansi pake ndi zovala zomwe. Mvula yoyamba inagwa simenti ya pamjigo itangouma kumene.

Kuyambira pamenepo agogo anasintha kagwiridwe ka ntchito yawo. A Berinado akabwera ndi nkhani, iwo ankavala kazako n'kupita kukaona kaye. Akati msika usamukira pamphambano, ankapita kukaima pamphambanopo. Akati mlatho wa mitengo watsekedwa, ankakaugwira ndi dzanja. Nkhani zinayamba kuchedwa, a Berinado ankadandaula, koma agogo ankangoti, "Nkhani ndimayamba ndaiponda, kenaka ndiinene." Anagwira ntchitoyo mpaka chifuwa chinawalanda mawu, ndipo chitsulo chija chinakhalabe pa mtengo wa pichesi mpaka mtengowo unagwa wokha.

Lero kumene kunali tsala la a Nangozo kuli nyumba za malata zokhazokha, ndipo mudzi wathu akuutcha bayiro, ngati dera la m'tauni. Chulu chija anachigumula n'kuumba njerwa. Nkhani za boma zimabwera pa telefoni, ndipo zimathamanga kuposa agogo, zoona ndi zabodza zomwe. Ine ndili m'komiti ya mjigo womwe uja, ndipo anzanga amandinena kuti ndine wochedwa, chifukwa uthenga ukafika sindiutumiza kwa ena ndisanapite kukaona. Aziti choncho. Ndine mdzukulu wa munthu amene anavula nsapato.

Chaka chathachi anabwera oyeza njira ya mapolo a magetsi, n'kukhoma zikhomo kuyambira kumsewu mpaka kuseri kwa nyumba yanga. Zofiira, psuu. Ndinkadziwa bwinobwino kuti ndi za magetsi, msonkhano wake ndinakhalapo ndekha, koma pochokera kumjigo ndi ndowa pamutu ndinangozindikira kuti miyendo yanga yazungulira patali. Nditakweza maso ndinaona mwana wanga wamng'ono, amene ndinamutcha Domingo, akulumpha chikhomo ndi chikhomo ndi anzake, wina atakhalira china ngati mpando. Mfuu inakwera mpaka pakhosi, mfuu ya agogo yeniyeni, yowoloka dambo. Ndinaimeza. Mwanayo anandiona n'kukuwa kuti, "Amayi, taonani, ndikutha kulumpha ziwiri!" Kwa iye chofiira ndi utoto basi. Ndinatula ndowa pansi, n'kukhala pamwala, n'kumuonerera akusewera mpaka anatopa yekha.